Mwana wanga akungojambula matope a Freddy, kodi zojambulazo ndiziotche?

Okondedwa Azakhali,

Ndinali ndi ana atatu, pano ndatsala ndi awiri. Wamng'ono anapita ndi matope amene anatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy, tikukhala ku Chilobwe. Mkulu wake, mtsikana amene tsopano ali ndi zaka 17, ndiye anamugwira dzanja mpaka madzi anawalekanitsa. Chichokereni tsiku limenelo sanatchulepo za usikuwo. Posachedwapa wayamba kutola makatoni kugolosale n'kumajambulapo ndi makala komanso penti wotsala wa amalume ake. Zojambulazo n'zoopsa: phiri lakuda bii, madzi ofiira, kadzanja katatulukira m'matope. Apongozi anga akuti ndiziotche chifukwa mwanayu akuitana mzimu wa malemu. Amayi ena kumpingo akuti akufunika mapemphero. Ine ndikaziona mtima umandiwawa. Nditani?

Mayi wosweka mtima, Blantyre

Amayi,

Pepani ndi imfa ya mwana wanu. Namondwe uja wa mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo mabanja ena ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu analira maliro opanda manda. Akuluakulu tinalira mokuwa, anthu anabwera kudzatipepesa. Ana ambiri anangouzidwa kuti "limba mtima", basi.

Zithunzizo musaziotche.

Munthu akaona zoopsa zopitirira msinkhu wake, zimene waonazo sizikhala m'mutu mwake monga nkhani yoti angaifotokoze kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zimatsala zidutswazidutswa: kugunda kwa miyala, fungo la matope, kuterera kwa dzanja lonyowa. Zimabwera zokha, kutulo kapena mvula ikangoyamba kulira padenga, ndipo pakamwa pamasowa poyambira. Koma akagwira khala lija, mwana wanu amasankha yekha kukula kwa phirilo, poyambira ndi polekezera, ndipo akatopa amatembenuza katoniyo n'kupita kukatsuka mbale. Usiku uja analibe chosankha chilichonse.

Kadzanja kaja ndiko kakundidetsa nkhawa. Ndikuganiza kuti mwanayu akudziimba mlandu, amadziuza kuti akanagwiritsitsa, mng'ono wake bwenzi alipo. Ndipo mwina amaganiza kuti nanunso mumamuona choncho, n'chifukwa chake ali chete pamaso panu. Matope amene anagubuduza miyala yaikulu n'kugwetsa nyumba za njerwa sakanaletsedwa ndi dzanja la kamtsikana. Inu mukudziwa zimenezi, koma kodi munamuuzapo ndi pakamwa panu? Mukaotcha zithunzizo, iye adzamva kuti mwatsimikiza mlandu wake.

Apongozi anu musalimbane nawo, nawonso ataya mdzukulu ndipo mantha awo akuchokera pamenepo. Akumbutseni modekha kuti kujambula si chinthu chachilendo pakati pathu. M'mapanga a ku Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula za makolo, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambulazo anajambula ndi amayi a mtundu wa Achewa pophunzitsa atsikana m'chinamwali, zinthu zimene sizinkanenedwa poyera. Kunjako nakonso alipo anthu amene anajambula zowawa zawo. Frida Kahlo wa ku Mexico anavulala koopsa pangozi ya basi mu 1925 ali ndi zaka 18, ndipo anayamba kujambula ali chigonere, atamuikira galasi pamwamba pa bedi. Sanabise zipsera zake m'zithunzizo. Ululu sunamuthere, koma anapeza pouika. Lero m'maiko ambiri muli akatswiri ophunzira bwino amene amathandiza anthu ovutika maganizo pogwiritsa ntchito kujambula.

Ngati mungathe, mugulireni mapepala ndi penti wosungunula ndi madzi, chifukwa wopaka nyumba uja fungo lake limapweteka mutu. Ndalama ikavuta, katondo, phulusa ndi makala zimakwanira. Akamajambula khalani chapafupi, muzisankha nyemba zanu osamuyang'anitsitsa. Musamufunse mafunso ngati wapolisi, musamumasulire chithunzi chake, ndipo musamuuze kuti ajambuleko maluwa. Mukhoza kungonena kuti, "Ukadzafuna kundiuza za chithunzichi, ndilipo." Mwina padzapita miyezi asanayankhe. Zithunzizo azisunga yekha pamalo pamene wasankha, ndipo wina asazijambule pafoni n'kuzitumiza pa WhatsApp.

Komabe ndikuuzeni zoona, penti yekha sachiza zonse. Ngati mwanayu amadzidzimuka kutulo pafupipafupi, amanjenjemera kukachita mitambo, wasiya kudya bwino kapena kupita kusukulu, kapenanso akamaliza kujambula amasokonezeka kwa masiku angapo, pitani naye kuchipatala. Madokotala amalidziwa vuto limeneli, amalitcha PTSD, ndipo thandizo lake lilipo, makamaka uphungu wochokera kwa anthu ophunzitsidwa. Yambirani kuchipatala cha m'dera lanu, akutumizani koyenera. Kuchipatala cha Queen Elizabeth komweko kuli madokotala a matenda a maganizo, ndipo a chipatala cha St John of God amagwira ntchito imeneyi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wanu wachita misala. Akadzangotchula zofuna kufa kapena kutsatira mng'ono wake, musadikire kuti kuche, ndipo musamusiye yekha.

Mapemphero sindikuletsani, ine ndemwe ndimapemphera. Chimene ndikukana ndi kumuika mwana pakati pa gulu n'kumamukuwira kuti ali ndi ziwanda. Mwana wolira mng'ono wake alibe chiwanda.

Nanga inuyo, amayi, mumalirira kwa yani? Mwati mtima umakuwawani mukaona zithunzizo, ndipo m'pomveka, mwana ali m'matopemo ndi wanu. Pezani munthu mmodzi wokhulupirika woti muzimukhuthulira za kukhosi, ndipo mukapita kuchipatala mukanenenso zanu.

Sabata ino isathe musanakhale naye pansi awiriwiri. Mutchuleni mng'ono wake ndi dzina, mulire naye ngati misozi ibwera, ndipo mumuuze momveka kuti, "Mwana wanga, ulibe mlandu." Mudzandilemberenso kuti ndimve mmene zikuyendera.

Ndine Azakhali anu.