Mwagula njinga yamoto? Chenjerani ndi mchenga

Anthu atagulitsa mpunga ndi usipa, m'midzi mwathu muno mwalowa njinga zamoto zatsopano, ena a Lifo, ena a Boxer, ena ogula kwa mnzawo. Ndi chinthu chabwino ndithu. Kuchoka ku Senga Bay kukafika pa Kamuzu Road ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo amene anayendapo mtunda umenewu pa njinga yakapalasa, dengu la nsomba kumbuyo, dzuwa la Okutobala lili pamutu, akudziwa kusiyana kwake. Koma tikuonanso njinga zina zosatha ndi chaka chomwe zitatsamira kale pakhonde, nkhuku zikugonapo. Eni ake amati njinga za masiku ano n'zosalimba. Ife tikuti chimene chimadya njinga kunyanja kuno ndi mchenga ndi madzi, ndipo zonse ziwirizi zimapeweka ngati mwini njinga ali ndi maso.

Tiyambe ndi tcheni, poti ndi chimene chimayamba kukumana ndi mchenga. Ambiri amachipaka girisi wambiri poganiza kuti akuchikonda. Mukatsikira kudooko, mchenga umamatirira pa girisiyo, ndiye ziwirizi zikasakanikirana zimagwira ntchito ya mwala wonolera chikwanje: zimapala tcheni ndi mano a sipoketi tsiku lonse. Chofunika n'kutsuka tcheni ndi palafini pogwiritsa ntchito mswachi wakale, kupukuta, kenako kudonthezera oyilo pang'ono uku mukuzunguza tayala, n'kupukutanso wotsalayo. Injini ikhale yozima pochita zimenezi, zala sizimeranso. Kwa woyenda tsiku lililonse pamchenga, kamodzi pa sabata si kuchulutsa.

Tcheni chisakhale chokungika ngati chingwe cha khoka, komanso chisalendewere. Mukachikankha ndi chala chapakati pake chiziyenda masentimita 2 kapena 3, pafupifupi zala ziwiri. Yesaninso munthu atakhalapo, chifukwa njinga ikalemedwa tcheni chimakungika. Mano a sipoketi akayamba kupindika ngati mbedza, sinthani tcheni ndi masipoketi onse awiri nthawi imodzi; tcheni chatsopano pa mano akutha sichichedwa kutha nacho. Ndipo chivundikiro cha tcheni chija, chimene anyamata a kabaza ena amachotsa kuti njinga izioneka yachinyamata, chisiyeni pomwepo. Kwathu kuno n'chofunika kuposa kutauni.

Oyilo muzimuona m'mawa injini isanalire, njinga itaima chilili pamalo osapendekeka. Njinga ikakhala yatsopano, oyilo woyamba amachotsedwa msanga, pa makilomita pafupifupi 500, chifukwa zitsulo zatsopano zikamazolowerana zimasiya tizidutswa m'kati. Masiku oyambawa musaithamangitse kapena kuisenzetsa matumba a mpunga ochokera ku Lifuwu, eti kufuna kubweza ndalama msanga. Pambuyo pake tsatirani kabuku kamene kanabwera ndi njingayo, koma poti kuno kuli fumbi ndi kutentha, kusintha pa makilomita 1,000 kapena 1,500 n'kwanzeru. Mita ikafa, lembani tsiku losinthira pakhoma. Njinga zing'onozing'onozi zimamwa pafupifupi lita imodzi. Gulani wa m'botolo lomata, lolembedwa 4T, amene ndi wa njinga zamoto. Oyilo wina wa galimoto amachititsa kuti kalachi iziterereka. Wakudayo musathire m'nyanja kapena pamchenga wa padooko. Pomwepo amayi amatunga madzi, ndipo m'mbali momwemo ndi momwe tiana ta nsomba timakulira.

Injini nayo imapuma, ndipo mphuno yake ndi sefa ya mpweya, imene amakaniko amati eya kilina. Nthawi ya mwera, fumbi likamauluka mu Juni ndi Julayi, sefayi imatsekeka msanga. Zizindikiro zake: njinga kuchepa mphamvu, kumwa petulo wambiri, ndi pulagi yakuda ndi mwaye. Ya siponji mutha kuchapa ndi sopo, kuumitsa bwino, n'kupaka oyilo pang'ono. Ya pepala sichapidwa, imangogogodedwa kapena kusinthidwa. Kuyenda opanda sefa n'kumwetsa injini mchenga.

Za petulo wa m'mabotolo tonse tikudziwa, makamaka mafuta akasowa pa filing'i siteshoni. Mukakakamizika kugula, yang'anani botololo padzuwa. Madzi amalemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi ndipo amaoneka. Thirani kudzera pa kansalu koyera, ndipo madontho otsiriza muwasiye.

Dzinja lili ndi zake. Mitsinje ikadzaza, musaloze njinga m'madzi amene simukudziwa kuya kwake. Ikazimira m'madzi musayambe kuiponda kuti ilire, mungapinde zitsulo za m'kati. Itulutseni, masulani pulagi, pondani kangapo kuti madzi atuluke, ndipo muone oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa, asinthidwe musanayende. Mabuleki nawonso akanyowa sagwira msanga; pondani pang'onopang'ono mukangowoloka mpaka aume. Madzi odontha m'dengu la nsomba amachititsa dzimbiri pa limu ndi masipoko, ndiye yalani pulasitiki pansi pa dengulo.

Poyendetsa pamchenga woyamba kumene amachita mantha n'kufinya buleki yakutsogolo, basi wagwa. Lowetsani giya yachiwiri, moto ukhale umodzimodzi, maso patsogolo osati pa tayala. Phunzirani pabwalo la mpira kaye, opanda wokwera, musanalowe mumsewu wa M5 momwe muli mabasi ndi malole. Katundu akhale pansi ndi pakati, womangidwa zolimba ndi mphira. Mpweya wa m'matayala muziyesa matayala asanatenthe.

Layisensi, nambala ya njinga ndi inshuwalansi ndi lamulo la boma, ndipo a Road Traffic ndiwo amapereka layisensi. Helemeti ndi ya onse awiri, woyendetsa ndi wokwera, ndipo imangidwe pachibwano. Yongoikidwa pamutu ngati chisoti imauluka munthu asanafike pansi. Tikudziwa kuti kuno kumatentha, komabe valani.

Chotsiriza chikukhudza zovala zathu. Mkanjo wa Lachisanu, chitenje, kapena nsonga ya mpango wautali wa amayi ikalendewera kumbali, imakolodwa mu tcheni kapena m'masipoko, ndipo imakokera munthu pansi njinga ikuyenda. Abambo, musanaponde kiki cheukani kaye: mayi akhale atakwinyira chovala pansi pa ntchafu, mpango ataupisira m'kati, ndipo mapazi a mwana ali pa zopondera, osati pafupi ndi tayala kapena paipi ya utsi yotentha ija.