Shuga Ikapezeka Yokwera M'magazi: Zimene Banja Liyenera Kucita

Pa kiliniki ya Maramba ndi pa cipatala cacikulu ca Livingstone anthu amapimidwa shuga m'mawa asanadye kanthu. Ena amabwerera kunyumba ndi kapepala kolembedwa nambala monga 7.8 kapena 9.2 ali ndi mantha aakulu. Wina amabisa kapepalako, wina amaleka nsima tsiku lomwelo, winanso amathamangira mankhwala a zitsamba ogulitsidwa pamsika. Zonsezi sizithandiza. Phunziro la sabata ino lifotokoza tanthauzo la nambalayo ndi zoyenera kucita pambuyo pake.

NAMBALAYO ITANTHAUZA CIANI?

Nsima, buledi, mpunga ndi kandolo zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga imene imalowa m'magazi. Ciwalo cochedwa kapamba cimapanga insulini, ndipo insuliniyo ndi imene imathandiza shuga kucoka m'magazi ndi kulowa m'minofu kuti thupi lipeze mphamvu. Insulini ikacepa, kapena thupi likaleka kuigwiritsa nchito bwino, shuga imaunjikana m'magazi. Amenewa ndiwo matenda a shuga.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire awa kwa munthu amene wakhala maola 8 kapena kuposa osadya. Nambala yosafika 6.1 ili bwino. Kuyambira 6.1 mpaka 6.9 ndi cenjezo: matenda sanafike koma ali pafupi. Kuyambira 7.0 kupita m'mwamba ndi cizindikiro ca matenda a shuga. Malire a 7.0 anakhazikitsidwa mu 1999. Kale anali 7.8. Makina ena amawerenga mwa njira ina, ndipo pa makina otere 126 ndi cimodzimodzi ndi 7.0.

KUPIMA KAMODZI SIKUKWANIRA

Ngati munthu alibe zizindikiro, adokotala sagamula mlandu ndi kupima kwa tsiku limodzi. Amamuuza kubweranso tsiku lina. Pali zinthu zimene zingakweze nambala kwa kanthawi: kumwa tiyi wa shuga kapena maheu asanapimidwe, kudwala kwambiri, ndiponso mankhwala monga prednisolone. N'cifukwa cake wopimidwa ayenera kuuza anasi zoona za cimene wadya ndi mankhwala amene akumwa.

Pokonzekera kupima kwaciwiri, munthu adye monga mwa masiku onse, ndipo usiku akamaliza cakudya ca madzulo amwe madzi okha mpaka atapimidwa m'mawa. Kudzimana cakudya masiku awiri kuti nambala itsike ndi kudzinamiza. Kucipatala angapimenso mwa njira zina ziwiri. Ina ndi kumwetsa munthu madzi a magalamu 75 a shuga ndi kupima patapita maola awiri. Nambala ya 11.1 kapena kuposa imatsimikiza matendawa. Ina ndi yochedwa HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga yakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Malire ake ndi 6.5.

AMENE SAYENERA KUDIKIRA

Zizindikiro zodziwika ndi ludzu losatha, kukodza kawirikawiri makamaka usiku, kuonda munthu akudya bwino, kutopa, kuona mwacimbuuzi ndi zilonda zocedwa kupola. Mu October, pamene Livingstone yatentha kwambiri, n'kosavuta kunena kuti ludzu ndi la dzuwa cabe. Koma ludzu lobwera pamodzi ndi kudzuka kangapo usiku kukataya madzi ndi lofunika kulifufuza.

Munthu amene nambala yake yakwera ndipo akusanza, akumva m'mimba kupweteka, akupuma mofulumira kapena akusokonezeka maganizo apite naye kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Mwana kapena wacinyamata amene waonda mwadzidzidzi ndi kumwa madzi kwambiri aonedwe tsiku lomwelo. Amai apakati ali ndi malire awoawo otsikirapo, conco aonetse kapepalako ku kiliniki ya amai oyembekezera.

MATENDA AKATSIMIKIZIKA

Wodwala adziwe kuti sali yekha. Kufufuza kwa STEPS kumene kunacitika m'Zambia mu 2017 kunapeza kuti pafupifupi akuluakulu 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga yokwera. Matendawa si ufiti ndipo sapatsirana. Munthu amakhala nawo moyo wonse, koma akawasamala amagwira nchito, amabereka ana ndi kukalamba monga anzake.

Akuluakulu ambiri amayamba ndi mapilisi a metformin, amene amamwedwa pamodzi ndi cakudya. Ena amafunika jekeseni ya insulini, mankhwala amene akhala akupulumutsa anthu kuyambira mu 1922. Kupatsidwa insulini sikutanthauza kuti munthu ali pafupi kufa. Coopsa ndi kuleka mankhwala cifukwa thupi layamba kumva bwino, pakuti shuga yokwera imaononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi mwakacetecete.

Amene ali pa insulini kapena mapilisi monga glibenclamide asadumphe cakudya, cifukwa shuga ingatsike mopitirira. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kumva cizungulire, amwe msanga madzi osungunulamo masupuni atatu a shuga, kenaka adye. Ngati wakomoka, asamuthire kanthu m'kamwa. Athamangire naye kucipatala.

CAKUDYA CA PA NYUMBA

Palibe cifukwa cogulira zakudya zodula. Nsima siyoletsedwa, cofunika ndi kucepetsa mitanda ndi kuculukitsa ndiwo. Unga wa roller kapena wogayitsa pa cigayo ndi wabwino kuposa wa breakfast cifukwa uli ndi gaga. Repu, cibwabwa, kalembula, bondwe, delele ndi impwa, zimene zimapezeka pa msika wa Maramba, zidzaze theka la mbale. Nyemba, kapenta, nsomba ndi mazira ndi zabwino, koma mafuta ndi mcere zicepe. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, tiyi wa shuga wambiri, vitumbuwa ndi mowa ndi zimene ziyenera kucoka poyamba. Banja lonse likadya mphika umodzi, wodwala saona ngati akulangidwa, ndipo ana ake, amene nawonso angadzakhale ndi matendawa cifukwa amayenda m'mtundu, amatetezeka.

Kuyenda mofulumira mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, kumatsitsa shuga. M'nyengo yotentha ndi bwino kuyenda m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Kwa amene nambala yake ili pakati pa 6.1 ndi 6.9, kuyenda ndi kucepetsa thupi kungacedwetse matendawa kapena kuwaletsa kumene.

Wodwala ayang'ane mapazi ake tsiku ndi tsiku, asayende wopanda nsapato, ndipo kacilonda kalikonse akakaonetse msanga. Apimitse BP nthawi zonse akapita ku kiliniki, ndi maso kamodzi pa caka. Cifuwa cosatha acipimitse, pakuti odwala shuga amagwidwa TB mosavuta kuposa ena.

Kapepala ka zotsatira kasungidwe pamodzi ndi khadi la kucipatala. Tsiku lobwererako likafika, wa m'banja mmodzi amuperekeze wodwalayo kuti malangizo a adokotala amvedwe ndi anthu awiri.