Kwa inu a pagombe la Kachulu

Ndalama ya nsomba siyigona m'thumba. Mnyamata akatuluka m'zimbowera atakhala m'mabango masabata angapo, amafika pa Kachulu ndi ndalama za matemba, magazi akuwira. Pagombe pomwepo pali mayi amene wabwera ndi mpamba wangongole, ndipo akudziwa kuti makumba akachepa, msodzi amayamba wagulitsa kwa amene "amamvana naye". Mayiyo sindimunyoza. Njala ya pamene nyanja ya Chilwa inaphwa mu 2018 tinaiona tonse. Koma kumvana kotereku ndi njira yaikulu ya kachilombo ka HIV kuno kwathu.

Ana anga, lekani kuyeza munthu ndi maso. Taika m'manda anthu amene ankati, "Uja ndi wonenepa, alibe." Munthu amatha zaka ali nako, akukoka khoka ngati wina aliyense. Kachilomboka kamayenda m'magazi, mu umuna, mu ukazi ndi mu mkaka wa m'mawere. Udzudzu wa m'dambomu umapereka malungo, osati HIV, ndipo kudyera m'mbale imodzi sikupatsirana.

Chimene ambiri simuchidziwa ndi nthawi. Kondomu ikang'ambika, kapena wina akakugwiririrani, muli ndi maola 72 okha oti mukayambe mankhwala a PEP, omwe amamwedwa masiku 28. Masiku atatu amaoneka ambiri, koma wochokera ku chilumba cha Chisi ayembekeze bwato, kenako asake kabaza, ndiye nyamukani tsiku lomwelo. Komanso kuyezetsa mawa lake n'kumva kuti mulibe si chifukwa chovinira. Kachilombo kongolowa kumene kamatha kusaoneka mpaka miyezi itatu, pamene nthawi imeneyo ndi yomwe munthu amapatsira mnzake mosavuta. Bwereraninso tsiku limene akuuzani. Pitani kukayezetsa awiri musanatomerane, pitani mukaima, pitaninso mukaona zilonda kapena mafinya kumaliseche, chifukwa chindoko ndi chinzonono zimatsegulira HIV khomo.

Amene mukudziwa kuti kondomu simuigwiritsa ntchito nthawi zonse, kafunseni kuchipatala za PrEP, mankhwala okutetezani ku HIV. Anyamata, mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 60 pa 100, osati chonse. Amene munavinidwa ku jando, kaonetseni kwa dokotala, pakuti si angaliba onse amene amachotsa khungu lonse.

Mukapezeka nako, ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, ndipo kuchokera mu 2016 munthu sadikiranso kuti adwale kaye. Womwa mokhulupirika, tizilombo tikachepa mpaka kusaoneka poyeza, sapatsira mkazi kapena mwamuna wake. Vuto la asodzi n'lakuti mankhwala amawathera ali pakati pa nyanja, nsomba zikugwidwa, ndiye amati, "Ndikatenga mwezi wamawa." Musanakwere bwato, werengani mapiritsi anu, muwauze a kuchipatala kuti mukakhalitsa, ndipo botolo ndi buku lanu la kuchipatala muzimange m'jumbo kuti zisanyowe.