Mphamvu ya Duwa la Lily Ili Pansi pa Nthaka

Lily ndi duwa lalikulu lokhala ndi timasamba 6 tokongola. Kwawo ndi ku Asia, ku Ulaya ndi ku North America. Masiku ano dziko la Netherlands ndilo limagulitsa mbewu yake yochuluka padziko lonse.

Mbewuyo imaoneka ngati anyezi, ndipo ili ndi mamba onenepa osanjikizana. M'mambamo ndimo mumakhala chakudya cha duwa. Anyezi wa lily alibe khungu louma lomuteteza, choncho sachedwa kufota. Mukamupeza, bzalani msanga.

Kumbani dzenje lakuya masentimita 15. Kuya kumeneku kuli ndi chifukwa: mitundu yambiri ya lily imatulutsanso mizu patsinde, pamwamba pa anyezi, ndipo mizuyi ikasowa dothi tsinde limagwa. Pewani malo odikha madzi, anyezi angaole. Mitundu yambiri imafunanso kuzizidwa kwa masabata angapo isanaphuke. N'chifukwa chake alimi akuluakulu amasunga mbewu m'zipinda zozizira.

Koma pofunika kumvetsetsa kwambiri ndi podula maluwa. Masamba obiriwira ndiwo amapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Duwa likatha, ntchito yawo sinathe: amapitiriza kutsitsira chakudya kwa anyezi mpaka atachita chikasu. Munthu akadula tsinde lonse mpaka pansi, anyezi amatsala ndi njala. Chaka chamawa adzaphuka kaduwa kofooka, mwinanso osaphuka n'komwe. Zimamvetsa chisoni, chifukwa ambiri amaganiza kuti anagula mbewu yoipa. Dulani theka la tsinde lokha, theka linalo litsale ndi masamba ake.

Nthawi yabwino yodula ndi m'mawa, duwa loyamba likayamba kuonetsa mtundu koma lisanatseguke. Ena adzatsegukira m'nyumba, limodzilimodzi. Poviika tsinde m'madzi, thotholani masamba onse amene angamire, ndipo madziwo muzisintha pakapita masiku awiri. Musaike maluwa pafupi ndi nthochi zakupsa, pakuti zimatulutsa mpweya wofotetsa maluwa. Mukasamala chonchi, amakhala sabata imodzi kapena masabata awiri.

Duwa likatseguka, chotsani timitu ta mungu tili pakatipo. Munguwu umathimbiriritsa zovala; ukagwera pa malaya, musapukute ndi madzi, ingokutumulani.

Ngati pakhomo pali mphaka, lily asalowe m'nyumba. Tsamba, mungu, ngakhale madzi amene munaviikamo maluwawo, zimawononga impso za mphaka ndipo akhoza kufa pakangopita masiku ochepa.