W wa Tsindwi pa Kompyuta

M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti lembo la ŵ, limene ena amalitcha w wa tsindwi, silizimirira chifukwa cha ulesi wa olemba okha ayi. Makina nawo ali ndi mbali yawo. Lemboli timalipeza m'mawu monga Malaŵi, nthaŵi ndi maŵa, ndipo Buku Loyera la 1998 lidalisunga. Koma kwathu ku Thyolo, pa zidziwitso zomatidwa m'maofesi a minda ya tiyi ndi pa mayeso otayipidwa m'sukulu zozungulira mindayo, tsindwi lija sindiliona kawirikawiri. Wina anganene kuti Amang'anja ndi Alhomwe ambiri salisiyanitsa n'komwe polankhula. Zimenezo n'zoona, koma si zokhazo.

Vuto loyamba lidali la nambala. Kompyuta imadziwa lembo lililonse ndi nambala yake, ndipo mndandanda wakale wa Windows-1252 udalibe ŵ. Unicode ndiye idalipatsa malo, pa U+0175. Mwayi wathu ndi wakuti chinenero cha ku Wales nacho chimagwiritsa ntchito lembo lomweli.

Chachiwiri ndi font, kutanthauza kajambulidwe ka malembo. Font ikakhala yopanda ŵ, kompyuta imaika kabokosi, kapena imabwereka lembolo ku font ina, moti mawu akuti kudziŵa amaoneka ngati malaya a chigamba. Mankhwala ake ndi osavuta: kusankha font imene ili nalo, monga DejaVu, imene idayamba mu 2004, kapena Noto ya Google.

Chachitatu, chimene ife a zinenero sitichilabadira, ndi driver wa zithunzi, pulogalamu imene imalumikiza kompyuta ndi sikirini. Malembo amapangidwa ndi timadontho. Pa malembo aang'ono tsindwi limangokhala timadontho tingapo. Driver akakhala wolakwika, kompyuta imatumiza chithunzi chosagwirizana ndi kukula kwa sikirini, sikiriniyo n'kuchikoka kuti chikwanire, ndipo timadontho tija timapakana ngati inki yonyowa. Apo mlembi sadziwa ngati walemba ŵ kapena pagalasi pagwa fumbi. Makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito amene aikidwa Windows kapena Ubuntu mwatsopano ndiwo amakonda kuchita zimenezi, chifukwa woika uja amangosiya driver wongogwirizira. Kuika driver woyenera ndi kusankha kukula kwenikweni kwa sikirini kumathetsa vutoli. Njira zosalaza malembo, monga ClearType imene idabwera ndi Windows XP mu 2001 ndi FreeType ya pa Linux, zimathandiza pokhapokha zimenezi zitakonzedwa kaye.

Chotsala ndi kiyibodi, poti palibe batani la ŵ. Mu Microsoft Word munthu amalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Kalaliki amene akuthamangira kutulutsa chidziwitso cha malipiro a othyola tiyi sangachite zimenezi kakhumi pa tsamba limodzi, ndipo ine sindingamudzudzule.