Phunziro la Nthaka: Maelementi ndi Zilembo za pa Thumba la Feteleza

Pa thumba lililonse la feteleza pamalembedwa zilembo ndi manambala. Alimi ambiri amazindikira feteleza poona mtundu wa thumba kapena maonekedwe a timibulu take, ndipo zolembedwazo amasiyira wogulitsa. Chizolowezi chimenechi n'choopsa, pakuti feteleza ndi wokwera mtengo ndiponso mvula ikadutsa sibwerera. Mlimi amene wathira chakudya chimene mbewu zake sizinachisowe amazindikira kulakwako chimanga chitamasula kale, pamene palibenso chochita. Phunziro lino likufotokoza kumene zilembozo zinachokera, tanthauzo lake, ndi mmene mlangizi kapena mlimi angaziwerengere asanatulutse ndalama.

Kodi elementi n'chiyani?

Dothi, madzi, mpweya, chimanga, ngakhale matupi athu, zonsezi zinapangika kuchokera ku zinthu zoyambira zowerengeka zimene akatswiri a sayansi amazitcha maelementi. Elementi ndi chinthu chimene sichingaphwanyidwe ndi moto kapena mankhwala kuti mutuluke zinthu zina zosiyana nacho. Mkuwa wokumbidwa ku Copperbelt ndi elementi: muusungunule, muusule, ukhalabe mkuwa. Koma madzi si elementi, chifukwa muli maelementi awiri ogwirana, haidirojeni ndi okosijeni. Maelementi odziwika alipo 118, ndipo pafupifupi 90 mwa iwo amapezeka m'chilengedwe.

Kale katswiri aliyense ankalemba maelementi ndi tizithunzi takutake, kotero kuti kumvana kunali kovuta. M'chaka cha 1813, Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden anapereka maganizo akuti elementi iliyonse ilembedwe ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri zotengedwa ku dzina lake la Chilatini. Mu 1869, Dmitri Mendeleev wa ku Russia anandandalika maelementi m'tebulo motsata kulemera ndi khalidwe lawo, nasiya mipata ya ena amene anali asanapezeke. Zizindikiro za Berzelius n'zimene zili pa matumba athu, ndipo sizisintha ndi chilankhulo. N wa ku Tete, kumene zolemba zili m'Chipwitikizi, ndi N yemweyo wa ku Chipata ndi ku Mchinji.

Malamulo atatu a kalembedwe

Loyamba: chilembo choyamba chimakhala chachikulu, ndipo chachiwiri, ngati chilipo, chimakhala chaching'ono. Lamuloli si lokongoletsa chabe. Co ndi elementi imodzi, kobati. CO ndi maelementi awiri, kaboni ndi okosijeni, ndiwo mpweya wakupha uja wochokera ku mbaula ya makala yoyatsidwa m'nyumba yotseka.

Lachiwiri: chizindikiro sichitsata dzina limene tinalizolowera nthawi zonse. Chitsulo ndi Fe, kuchokera ku dzina la Chilatini lakuti ferrum. Mkuwa ndi Cu, kuchokera ku cuprum. Sodiyamu, amene ali mu mchere wa ndiwo, ndi Na, kuchokera ku natrium. Potaziyamu ndi K, kuchokera ku kalium, dzina lobadwa ku mawu a Chiarabu otanthauza phulusa la zomera. Pamenepa amayi a kumudzi anatsogola kale: chidulo chimene amatcheza m'phulusa pophika therere mphamvu yake yaikulu ndi mchere wa potaziyamu. Wokumbukira chidulo saiwala K.

Lachitatu: maelementi akagwirana, zizindikiro zawo zimalembedwa mogundizana, ndipo kanambala ka m'munsi kamasonyeza kuchuluka. Madzi ndi H₂O, kutanthauza timagawo tiwiri ta haidirojeni ndi kamodzi ka okosijeni. Mchere wa ndiwo ndi NaCl.

Maelementi 17 amene mbewu imafuna

Mlimi safunika kuloweza maelementi onse 118. Mbewu imafuna 17 okha, ndipo ali m'magulu anayi.

Ochokera ku mpweya ndi madzi: C kaboni, H haidirojeni, O okosijeni. Amenewa sagulidwa, ngakhale kuti ndiwo amapanga gawo lalikulu kwambiri la phesi ndi chisononkho.

Ofunika ambiri: N nayitrojeni, P fosiforasi, K potaziyamu.

Ofunika pang'ono: S salifa, Ca kashiyamu, Mg maginiziyamu.

Ofunika pang'ono zedi: Zn zinki, Fe chitsulo, Cu mkuwa, Mn manganizi, B boroni, Mo molibidenamu, Cl kulorini, Ni nikelo.

Kuchepa kwa muyeso sikutanthauza kuchepa kwa ntchito. Akatswiri awiri a ku Germany, Carl Sprengel ndi Justus von Liebig, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1800 kuti zokolola zimalamulidwa ndi chakudya chimene chaperewera kwambiri m'nthaka. Zili ngati ndowa yobooka m'mbali: ngakhale muthire madzi ochuluka bwanji, sadzapitirira bowo limene lili m'munsi mwa onse. Munda wosowa S suchira ndi thumba lachiwiri la N.

Mbewu yokha imaonetsa chimene ikusowa. Chimanga chikasowa N, masamba a m'munsi amachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wa pakati. Chikasowa S, chikasucho chimayambira ku masamba anthete a pamwamba. Chikasowa P, chimapinimbira ndipo masamba amafiira moderapo, makamaka chikadali chaching'ono. Chikasowa K, m'mphepete mwa masamba a m'munsi mumauma ngati mwawauka ndi moto, ndipo mapesi amagwa msanga. Chikasowa Zn, pa masamba anthete pamaoneka mizere yotuwa m'mbali mwa mtsempha. Komabe matenda, chilala ndi kulowa madzi zimabweretsa maonekedwe ofanana ndi amenewa, n'chifukwa chake dothi limayezedwa ku malo a kafukufuku monga Chitedze ndi Bvumbwe m'Malawi kapena Mount Makulu ku Zambia. Zotsatira za kuyezako zimabwera m'zizindikiro zomwezi.

Kuwerenga thumba

Manambala atatu oyamba amatsata ndondomeko imodzi: N, kenaka P, kenaka K. Nambala iliyonse ndi magawo a pa 100 alionse a kulemera kwa feteleza. Tiyeni titenge feteleza wokulitsa amene alimi a m'Malawi anamudziwa kwa zaka zambiri, 23:21:0+4S. M'thumba la makilogalamu 50, nambala iliyonse tiigawe pawiri. Tipeza makilogalamu 11.5 a nayitrojeni, 10.5 a fosifeti, potaziyamu palibe, ndi makilogalamu 2 a salifa. Zotsalazo ndi maelementi ena amene chakudyacho chagwirana nawo pamodzi ndi zoumbira timibulu. Pa thumba lolembedwa 23:10:5+6S+1Zn tikuona kuti fosifeti wachepa, potaziyamu walowa, salifa wawonjezeka, ndipo mwabwera zinki.

Pali mfundo ina imene imasokoneza ngakhale ophunzira a kusukulu za ulimi. M'maiko ambiri nambala yachiwiri siwerengera P yekha koma P₂O₅, ndipo yachitatu imawerengera K₂O, potsata chizolowezi chakale cha oyeza feteleza. Kuti mupeze P weniweni, chulukitsani ndi 0.44, kuti mupeze K weniweni, chulukitsani ndi 0.83. Motero makilogalamu 10.5 a fosifeti aja ali ndi makilogalamu pafupifupi 4.6 a P.

Tsopano tione feteleza wobereketsa. Yureya ali ndi magawo 46 a N, choncho thumba limodzi limapereka makilogalamu 23. CAN wa magawo 27 amapereka makilogalamu 13.5. Tiyerekeze kuti mlangizi wanena kuti chimanga cha haibulidi chilandire makilogalamu 92 a N pa hekitala. Matumba awiri a 23:21:0+4S apereka 23, ndipo 69 otsalawo achokera m'matumba atatu a yureya. Mlimi akasankha CAN, afunika matumba asanu ndi kapang'ono. Amene angagule matumba atatu a CAN poganiza kuti thumba ndi thumba basi, wamana chimanga chake makilogalamu oposa 28 a N. Poyerekeza mitengo, tsono, gawani mtengo wa thumba ndi makilogalamu a chakudya chimene chilimo.

Dziwaninso kuti CAN ndi DAP si zizindikiro za maelementi. Ndi maina a malonda ofupikitsidwa, ndipo chimene chili m'kati mwake chimadziwika ndi manambala.

Dzina limasintha, chizindikiro sichisintha

Feteleza amadutsa malire a maiko athu tsiku ndi tsiku, ndipo dzina limodzi likhoza kuimira zinthu zosiyana. Compound D wodziwika ku Zambia ndi 10:20:10, wa ku Zimbabwe ndi 7:14:7, pamene wa fodya m'Malawi ndi 8:18:15. Ku South Africa kalembedwe n'kosiyananso: pa thumba la 2:3:2 (22), nambala ya kumapeto ndi chakudya chonse pamodzi, ndipo zitatu zoyambazo zikusonyeza kagawidwe kake. Popeza 2, 3 ndi 2 zikwana 7, N ndi magawo awiri mwa asanu ndi awiri a 22, ndiwo pafupifupi 6.3. Kumenekonso P ndi K amawerengedwa okhaokha. Wogula feteleza wochokera kutsidya kwa malire asadalire dzina; awerenge zilembo ndi manambala.

Kaphunzitsidwe kake

Alangizi ayambe ndi zinayi zokha, N, P, K ndi S, atanyamula matumba opanda kanthu ndi masamba a chimanga otengedwa m'munda. Chizindikiro chilichonse achimangirire ku chinthu chodziwika. N apite ndi mtedza, soya ndi nandolo, mbewu zimene timibulu ta ku mizu yake timakoka nayitrojeni mu mpweya, umene magawo ake 78 pa 100 ndi nayitrojeniyo. P apite ndi mafupa ndi mwala wa fosifeti wa ku Dorowa ku Zimbabwe kapena Tundulu ku Phalombe. K apite ndi phulusa, ndipo Ca apite ndi laimu. Pambuyo pake alekanitse zosokonezana: P si potaziyamu, S si sodiyamu, Mg si Mn, Ca si Cu.

Mafunso oyeserera pa gulu

1. Lembani zizindikiro za potaziyamu, salifa, zinki ndi chitsulo.
2. M'thumba la makilogalamu 50 la 10:20:10 muli makilogalamu angati a N?
3. Masamba anthete a chimanga achita chikasu pamene a m'munsi akadali obiriwira. Mukayikira elementi iti, ndipo pa thumba mufunafuna chilembo chiti?
4. Funsani mtengo wa yureya ndi wa CAN pa sitolo ya kwanuko, ndipo muwerengere mtengo wa kilogalamu imodzi ya N m'thumba lililonse.

Funso lachinayi liyankhidwe mvula isanagwe, ndalama zikadali m'manja.