Mkhristu ndi Boma: Mafunso Amene Sakutha M'mipingo ya ku Lilongwe

Kabukuka kalembedwa ndi abusa ndi akuluampingo a mipingo ingapo ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona. Chawachititsa n'chimodzi: m'milaga, m'miphakati ndi m'misonkhano ya amayi a Chigwirizano, nkhani ya "ndale m'tchalitchi" ikungobwerabwera. Ena akuti kudzudzula boma ndi tchimo. Ena sakunena za tchimo ayi, akungoopa kudziputira mavuto.

1. Kodi boma ndi la chiyani?

Ndi loteteza moyo, kuweruza mosakondera, kulanga wolakwira mnzake, ndi kusamala zinthu zimene banja limodzi silingathe palokha, monga msewu, chipatala ndi madzi. Pa Aroma 13, Paulo amaona wolamulira ngati wantchito wa Mulungu woikidwira ubwino wa anthu. Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino limanenanso kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo wolamulira amangosungitsidwa.

2. Mkhristu azilipira msonkho?

Inde, kuyambira wa MRA mpaka tikiti ya mumsika. Ndipo wolipira ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalamayo yapita.

3. Ngati boma limaikidwa ndi Mulungu, kulidzudzula si kulimbana ndi Mulungu?

Ili ndiye funso limene lafika kambiri, ndipo ofunsa ambiri ndi anthu oopa Mulungu zenizeni. Yankho la abusawa ndi lakuti Mulungu anaika udindo, koma si zonse zimene wokhala paudindoyo amachita zimene Mulungu wavomereza. Davide anali mfumu yodzozedwa, komabe mneneri Natani anamudzudzula maso ndi maso pa nkhani ya mkazi wa Uriya. Yohane Mbatizi anadzudzula Herode mpaka kudulidwa mutu. Palibe mlaliki amene amati awiriwa anachimwa.

Kuno kwathu chitsanzo chili pafupi. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za sukulu ndi zipatala zoperewera, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma la Dr. Kamuzu Banda linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, anafunsidwa mafunso ndi apolisi ku Blantyre. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho atsogoleri a mipingo, a Chisilamu ndi ena anakhazikitsa bungwe la Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993 anthu anavota pa riferendamu n'kusankha zipani zambiri.

Munthu amene lero amaimba foni pa wailesi n'kudandaula za mtengo wa chimanga, usiku n'kugona kunyumba kwake mwamtendere, akudyerera zimene zinayamba ndi kalata ya maepiskopi ija. Kudzudzula si kunyoza. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi.

4. Koma abusa olankhulawa si kuti ali ndi chipani chawo?

Alipo otero, palibe chifukwa chobisira. Mbusa wina amabangula chipani chimene sachikonda chikamalamula, koma anzake akalowa m'boma mawu amamuthera, makamaka akapatsidwa mpando m'bodi ya kampani ya boma. Akhristu amaona zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ambiri anasiya kukhulupirira.

Njira yomuyesera mbusa kapena mpingo ndi kuona ngati muyeso wake umasintha boma likasintha. Mipingo imene inathandiza kubweretsa zipani zambiri ndi yomweyo imene inakana mu 2002 kuti a Bakili Muluzi awonjezere nthawi yolamulira, ndipo bilu yochotsa malire a materemu inagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Julaye chaka chimenecho. Inadzudzulanso a Bingu wa Mutharika mu 2011. Ndipo mu Febuluwale 2024 maepiskopi a Katolika analemba kalata yowawa yodzudzula boma la a Lazarus Chakwera pa katangale ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ngakhale kuti a Chakwerawo ndi mbusa. Wolankhula motere kwa aliyense, wotuwa kapena wonona, si wachipani.

5. Mtsogoleri woopa Mulungu amadziwika bwanji?

Osati ndi Baibulo la m'manja, kapena mavesi a pamsonkhano. Kamuzu ankadzitchula mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, koma mu ulamuliro wake a Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo ambiri anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. A Chakwera anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, nasankhidwa kukhala Pulezidenti mu Juni 2020. Pofika pa 16 Seputembala 2025 ovota anawayesa ndi mizere ya mafuta ndi mtengo wa feteleza, osati ndi ubusa wawo. Anagonja kwa a Peter Mutharika, ndipo anavomera kugonjako zotsatira zisanalengezedwe n'komwe, chimene abusawa akuti n'choyenera kuyamikiridwa.

Muyeso wabwino uli pa 1 Samueli 12, pamene Samueli, potula pansi udindo, anaima pamaso pa anthu n'kuwafunsa ngati analandako ng'ombe kapena bulu wa munthu, kapena kulandira chiphuphu. Khansala wa ku Biwi, phungu wa ku Area 23, ngakhale wapampando wa komiti ya kiyosiki ya madzi, angathe kuima motero?

Taonani za kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ku Mgona, kumene a Chakwera, ali Pulezidenti, anakakhazikitsira kampeni ya Tithetse Kolera, mayi amadzuka mbandakucha n'kukandanda ndi zidebe pa kiyosiki. Mpope ukangotulutsa mpweya, amapita ku chitsime chosaphimba chimene chili pafupi ndi chimbudzi cha aneba. Mtsogoleri amene akudziwa zimenezi n'kusowa nazo tulo ali pafupi ndi mtima wa Mulungu kuposa amene wapereka malata a tchalitchi.

6. Mkhristu angavotere munthu wa chipembedzo china?

Angathe. A Muluzi ndi Msilamu, ndipo mu 1994 anavoteredwa ndi Akhristu ochuluka.

7. Munthu akalankhula, samangidwa kapena kuchotsedwa ntchito?

Apa abusawa sakulonjeza kanthu. Malamulo aakulu a dziko amapereka ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wochita zionetsero mwamtendere, koma zolembedwa ndi zochitika nthawi zina zimasiyana. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ena a iwo mu Lilongwe muno. Zionetsero za 2019, zotsutsa chisankho chimene khoti linadzachithetsa pa 3 Febuluwale 2020, zinasiya masitolo ena ataphwanyidwa ndi anthu atavulala.

Choncho mpingo sukakamiza munthu kupita kumsewu. Wogwira ntchito m'boma angafunike kuyamba waona malamulo a ntchito yake, chifukwa ena amaletsa kuonekera pa zachipani. Wochita geni mumsika angathe kukumana ndi anyamata a zipani, ndipo zotsatira zake zimatengera malo ndi nyengo. Zilipo njira zina zimene kawirikawiri sizikhala ndi chiopsezo chachikulu: kufunsa khansala pa msonkhano wa chitukuko, kukadandaula kwa Ombudsman kapena ku Anti-Corruption Bureau, ndi kuchita zinthu pagulu osati pawekha.

8. Wandale wabwera ndi envelopu pa Pepa Sande. Ilandiridwe?

Mipingo imasiyana pa nkhaniyi, ndipo kabukuka sikangalamule. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti, koma ngati chopereka china chikugwera pamenepo, zingatengere nthawi yake ndi mmene chaperekedwera. Chimene abusawa aona ndi ichi: mlendo wolemekezeka akatchula K2 miliyoni, amayi n'kululutira, kwaya n'kuimirira, pamakhala povuta kuti sabata yotsatira mbusa yemweyo afunse za mlatho wa CDF umene sunathe. Ngati mpingo walandira, ndi bwino ndalamayo iwerengedwe ndi asungichuma ngati ya wina aliyense, ndipo woperekayo asapatsidwe guwa.

9. Bwanji osangopempherera atsogoleri, za ndale n'kusiyira andale?

Funsoli ndi lachitatu lija, langovala malaya ena. Kupempherera atsogoleri ndi lamulo, pa 1 Timoteo 2, ndipo mpingo uzitero posaona chipani. Koma Nehemiya anapemphera, kenako anaitanitsa msonkhano n'kudzudzula akuluakulu amene ankalanda minda ya osauka chifukwa cha ngongole. Mankhwala akasowa pachipatala, amene amapita kukaika maliro ndi mpingo womwewo. Kufunsa chifukwa chake mankhwalawo asowa si kupanga kampeni.

10. Ndiye kuti mbusa angauze anthu chipani choti avotere?

Ayi. Pa benchi imodzi pamakhala wa MCP, wa DPP, wa UTM ndi wa UDF, ndipo onse amadya Mgonero umodzi. Mbusa aphunzitse zoyenera kuyang'ana mwa mtsogoleri, dzina asatchule. Amene akufuna kupikisana nawo pa chisankho ayambe wakambirana ndi akuluakulu a mpingo wake, popeza mipingo yambiri imafuna kuti atule kaye udindo, monga anachitira a Chakwera mu 2013. Za nsalu ndi zipewa za chipani, zimene amayi a ku Chinsapo ndi Kawale afunsa kangapo, abusawa akupempha kuti zizitsala kunyumba pa tsiku la mapemphero, pa maliro ndi pa maukwati a mumpingo.